Mukaona Kuti Zakwana

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndili ndi zaka 29, nditatsala ndekha m'nyumba ya zipinda ziwiri ku George. Mkazi wanga Bupe anali atanyamula mwana wathu Taonga n'kubwerera kwa amayi ake ku Matero. Sindimuimba mlandu. Iye ali ku maliro ku Kabwe, ine ndinagulitsa makina ake osokera, ndalama zonse n'kukabetchera mpira. Pa tikiti imodzi ndinaikapo matimu asanu ndi atatu. Asanu ndi awiri anachita zimene ndinalosera, imodzi inagoletsedwa mpira utatsala pang'ono kutha. Bupe atabwera anapeza pakona pamene pankakhala makinawo pali posesa bwino.

Amalume ake, ba Kasonde, anandiitanitsa. Ndinakhala pa kampando kafupi, zipewa za mawondo zili m'khosi, iwo n'kulankhula mosakweza mawu, akunditchula ndi dzina la mwana wanga.

“Bashi Taonga, ise sitifuna nkhani zambili. Pa Loweluka yothela mwezi wa mailo mubwele na kalata ya nchito. Na va betingi muleke. Ngati kulibe, mwana wathu azankhala kuno.”

Ndinavomera zonse. Munthu amene wamira amagwira ngakhale udzu. Koma kalata ya ntchito ndikanaitenga kuti? Dipuloma yanga ya zamakompyuta inali itagona m'sutikesi zaka zisanu, pamodzi ndi jekete la ukwati.

Amene anandipulumutsa ndi ba Tembo, mayi wotsogolera kwaya kutchalitchi kwathu. Ananditumizira uthenga pa foni woti kakampani kena ku Kalingalinga kakufuna anthu odziwa kuwerenga Chingerezi modekha komanso kugwira kompyuta. Ndinapita, anandiyesa, n'kundiuza kuti ndigwira milungu inayi yoyeserera. Ndikakhoza, kalata ndidzalandira Lachisanu la mlungu wachinayi. Nditawerenga masiku pa kalendala ndinapeza kuti Lachisanulo likugundana ndi Loweruka la ba Kasonde, usiku umodzi wokha pakati. Ndinaseka ndekha m'minibasi mpaka kondakitala anandiyang'ana.

Ofesiyo inali nyumba wamba. M'chipinda chochezera anaikamo matebulo asanu ndi limodzi ndi malaputopu, pakona pali inveta ndi mabatire ake chifukwa magetsi ankathima tsiku lililonse. Wotiyang'anira anali ba Chanda, mayi wamfupi wosakonda kubwereza mawu. Tsiku loyamba anandifotokozera ntchito ataimirira.

“Ejenti ni pulogalamu yamene igwila nchito yeka. Muipasa malangizo, ibelenga, yayamba. Sifunsa neba, ilibe ambuye boiuza. Chamene sichinalembedwe, kwa yeve kulibe. Mwamvela?”

Ndinamva. Makampani akunja ankapanga zida zoti maejentiwa azigwiritsa ntchito, ndipo chida chilichonse chinkabwera ndi malangizo ake olembedwa. Ife ntchito yathu inali kuyeza malangizowo, osati chidacho. Fomu inali ndi mafunso asanu. Kodi malangizo akunena chimene chidacho chimachita? Akunena zimene uyenera kuchipatsa? Nanga zimene chimabweza? Zitsanzo zake zimagwira ukaziyesa? Funso lachisanu linali la malire: akunena poimira, ndi chochita zinthu zikalakwika? Funso lililonse unkalipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 5, n'kulemba chifukwa chake.

Ukatha kuwerenga unkapereka malangizowo kwa ejenti m'bwalo loyeserera, lomwe anzanga ankalitchula kuti sandibokisi. M'menemo zonse zinali zongoyerekeza, ngakhale ndalama. Lamulo linali loti uyese katatu, uwerenge logi, ndiye kuti mndandanda wa zonse zimene ejenti yachita ndi zifukwa zake, kenako uchonge kabokosi kapansi pa fomu kotsimikiza kuti wayesa.

Milungu itatu yoyamba inayenda bwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinayeza malangizo a chida cha zanyengo, kenako a chida chosungitsira mipando m'mabasi. Pa cha mabasicho ndinapeza kuti sananene ngati deti limayamba ndi tsiku kapena mwezi, ndipo ejenti inasungitsa mpando wa pa 4 Meyi pamene munthu ankafuna wa pa 5 Epulo. Ba Chanda atawerenga lipoti langa anangoti, “Ehe, ni vamene ivo,” n'kupitirira. Mawu amenewo ndinayenda nawo wapansi kuchokera ku Kalingalinga mpaka m'tauni osamva kutopa. Ndinayamba kudziona ngati munthu.

Lachitatu la mlungu womaliza anandiikira ntchito yomaliza. Ndinatsegula fayilo. Anali malangizo a chida chokonzera maejenti njira zobetchera mpira.

Ndinatuluka kupita kuseri kwa nyumba n'kuima pafupi ndi thanki ya madzi. Mwezi wonsewo ndinali nditachotsa mapulogalamu onse obetchera mu foni. Ndinali nditalumbira pamaso pa abusa. Pa msika wa ku George ndinkazungulira njira ya kumakala kuti ndisadutse pa shopu yobetchera ija yokhala ndi mawayilesi akanema anayi. Ndiye lero mpira wanditsatira mpaka pa tebulo la ntchito! Ndinaganiza zokapempha ba Chanda kuti andisinthire, koma akanafunsa chifukwa. Ndani angalembe ntchito munthu amene anagulitsa makina a mkazi wake? Ndinasamba kumaso n'kubwerera.

Malangizowo anali masamba khumi ndi limodzi, olembedwa mwaukhondo, mitu yake yooneka bwino. Ndinene zoona, kuwawerenga kunandikomera. Kwa milungu itatu ndinkavutika ndi mawu achilendo, koma apa ndinali kwathu. Maodzi, manambala aja osonyeza kuti ukapambana ulandira kangati, ndinkawadziwa kuposa masiku obadwa a abale anga. Pamene wolembayo wadumpha sitepe, mutu wanga unkadzaza wokha, ine osazindikira n'komwe kuti pali dzenje.

Njira yaikulu ya chidacho inali yowirikiza. Ukaluza, ubetche kawiri kuposa poyamba, ukaluzanso uwirikizenso, mpaka tsiku lopambana lidzabweze zonse. Ku George timaitchula kuti kuthamangitsa. Chitsanzo chawo chinkaonetsa ejenti italuza kawiri, kachitatu n'kupambana. Ndipo pansi pa tsamba lachisanu ndi chinayi panali mzere umodzi wokha wonena za malire, umene m'chinenero chathu ungamveke kuti: mukaona kuti zakwana, siyani.

Ndinagwedeza mutu ngati ndikumva ulaliki. Inde, munthu azidziwa posiyira. Pa funso lachisanu ndinalemba 5, ndipo pa chifukwa ndinalemba kuti malangizo akuchenjeza momveka. Ena anayiwo ndinawapatsanso 5.

Kunatsala kuyesa. Lachinayi magetsi anathima kuyambira m'mawa, ndipo inveta inkangokwanitsa malaputopu awiri, tikumasinthana. Ndikanatha kudikira mpaka 15 awazi, 3 koloko masana, pamene magetsi ankabwera. Chifukwa chimenecho ndi chimene ndinakonzekera kunena wina akafunsa. Koma chenicheni n'chakuti ndinkaopa. Kuwerenga za kubetcha ndi kwina, kuona manambala akukwera ndi kutsika pamaso pako ndi kwinanso. Ndinkadziwa mmene mtima wanga umachitira ukaona zimenezo. Ndinadziuzanso kuti palibe m'nyumba imeneyo amene ankadziwa za mpira kuposa ine, ndiye makina andiphunzitsa chiyani? Ndinachonga kabokosi kaja n'kutumiza fomu.

Lachisanu ndinafika molawirira, nditavala malaya oyera. Ba Chanda anadutsa pa tebulo langa atanyamula mapepala otentha kuchokera mu printa, ndipo ndinaona dzina langa pamwamba pa limodzi.

“Ba Lackson, mwaipasa faivi yonse? Chabwino. Bene ba chida baitulusa pa Mande, maejenti yazayamba kugwila ndalama zeni-zeni za banthu. Lipoti yanu ndiye tizatuma. Kalata nizasaina nikabwela ku miting'i.”

Anatuluka. Anzanga anali kudya zitumbuwa ndi tiyi, akukangana za mtengo wa makala. Ine ndinalibe chochita, ndipo mawu akuti ndalama zenizeni za anthu anakana kuchoka m'mutu mwanga. Sindinganame kuti ndinagwidwa ndi chilungamo. Ndinkangofuna kutsimikiza kuti bodza langa linali loona. Ndinatsegula sandibokisi, n'kupatsa ejenti malangizo aja ndi ndalama zoyerekeza 1,000, kuti iyambe ndi 10. Bwalolo linkagwiritsa ntchito zotsatira za masewera akale, ndiye nyengo yonse ya mpira inkatha m'mphindi zochepa.

Ulendo woyamba ejenti inatsiriza ili ndi phindu pang'ono. Wachiwiri chimodzimodzi. Mtima unayamba kugunda mwa kale muja, ndipo kamawu kena m'mutu kanayamba kufunsa ngati njira imeneyi singagwire pa masewera a mawa. Ndinatsala pang'ono kutseka pomwepo. Koma lamulo linkati katatu, ndipo popeza ndinali nditaliswa dzulo lake, ndinati lero ndilisunge.

Ulendo wachitatu inaluza 10. Inaika 20, inaluza. Inaika 40, kenako 80, kenako 160, kenako 320. Itatsala ndi 370, yosakwana kuwirikiza, inaika yonseyo pa masewera amodzi. Inaluza. Zonsezi zinachitika tiyi wa mnzanga wa pambali asanazizire.

Ndinatsegula logi. Pa sitepe iliyonse ejenti inkalemba chifukwa chake, ndipo chifukwacho chinali chimodzimodzi kasanu ndi kamodzi. Inkati malangizo akuti ndisiye ndikaona kuti zakwana, koma sindinabweze zimene ndaluza, choncho sizinakwane, ndipitiriza. Mzere womaliza unali funso kwa mwini ndalama: ndalama zatha, kodi pali thumba lina limene ndingatengemo?

Ndinawerenga logi imeneyo kangapo.  Mawu amenewo anali anga. Ndinawalankhula pa shopu ya ku George, ndinawalankhula pogulitsa foni yanga yoyamba, ndinawalankhula ndikuyang'ana m'nyumba kuti chatsala chogulitsa n'chiyani. Ine amene sindinaonepo tsiku limodzi kuti zakwana, ndi amene ndinapereka 5 kwa mzere wouza makina kuti adzaona okha. Munthu mwina angamuimitse mkazi wake, njala, kapena manyazi. Ejenti inalibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo Lolemba inkapita kukagwira matumba a anthu ngati a ku George.

Ndinakhala pamenepo ndikuwerengera njira zothawira. Palibe amene anaona sikirini yanga. Ndikanatseka, kalata ikanasainidwa masana, mawa ndikanakhala pamaso pa ba Kasonde chifuwa chili patsogolo, ndipo Taonga akanagona kwathu ku George. Ndikakanena, ndiye kuti ndikuulula kuti ndinachonga kabokosi monama, pa ntchito imene maziko ake onse ndi kabokosi kameneko. Ndinapemphera pemphero lopanda ulemu, lofunsa Mulungu chifukwa chake sanalole kuti ulendo wachitatu upambanenso.

Ba Chanda anabwera cha m'ma 11. Ndinawatsatira m'kachipinda kawo. Kalata yanga inali pa tebulo, cholembera chili pamwamba pake.

“Ba Chanda, lipoti ija musatume. Ili na vuto.”

“Vuto bwanji? Si ndimwe munaipasa faivi?”

Ndinaika laputopu patsogolo pawo. Anawerenga logi yonse, chala chikutsika mzere ndi mzere.

“Iyi mwayesa lelo,” anatero. “Manje dzulo munachonga chani?”

“Sininayese. Ninanama.”

“Malaiti?”

Anandipatsa okha khomo lothawira, lonamizira kuthima kwa magetsi, ndipo ndinaliona lili lotsegula. Koma ndinali nditatopa. Ndinawauza za shopu ya ku George, za makina a Bupe, za ba Kasonde ndi Loweruka la mawa. Ndinawauza kuti ndinkaopa kuona manambala, ndiponso kuti malangizowo ndinawamva bwino chifukwa theka lake ndinalemba ndine m'mutu mwanga. Ndinalankhula nthawi yaitali kuposa mmene aliyense analankhulirapo m'kachipinda kameneko.

Sanandimvere chisoni, kapena ngati anamva sanaonetse. Anatenga kalata ija n'kuiika mu dirowa.

“Nkhani ya ku nyumba ni yanu. Yanga ni kabokosi. Ningasaine bwanji lelo? Nikupasani mawiki yabili yenangu. Mukanamanso kamozi, musabwele. Manje yendani mulembe lipoti ya zoona, nifuna ikwane 14 awazi.”

Ndinapempha ngakhale kakalata kongonena kuti ndikuyesedwa ntchito. Anakana, nati kampani silemba makalata otero. Ndinabwerera pa tebulo maso ali psuu, anzanga akunamizira kuti sakuona.

Lipoti limenelo ndi limene ndimalinyadira mpaka lero, ngakhale ndinalilemba ndikufuna kufa. Pa funso lachisanu ndinapereka 1. Ndinalemba kuti mawu akuti zakwana alibe nambala. Malangizo sakunena ndalama yaikulu imene ejenti ingaike pa masewera amodzi, sakunena kuti ikaluza kangati motsatizana iime, sakunena gawo la thumba limene siliyenera kukhudzidwa, ndipo sakuiuza nthawi yobwerera kwa mwini ndalama kukafunsa isanapitirire. Pa zitsanzo ndinatsitsa kufika pa 2, chifukwa chitsanzo chawo chinali cha tsiku labwino lokhalokha. Ndinawonjezera kuti palibe pamene akunena poyera kuti kuwirikiza sikusintha mwayi wa masewera otsatira. Ndinamata logi yonse ya ulendo wachitatu kumapeto. Ba Chanda anawerenga n'kutumiza osasintha liwu.

Loweruka ndinapita ku Matero chimanjamanja. Ba Kasonde anamvetsera, n'kufunsa funso limodzi lokha, lakuti kalata ili kuti. Nditati idzabwera pakatha milungu iwiri, anaseka pang'ono kudzera m'mphuno.

“Va mailo tinavimvelapo kudala, bashi Taonga.”

Nkhani inathera pomwepo. Taonga anandikwera pamiyendo n'kuyamba kusewera ndi mabatani a malaya anga, ndipo ndinachita kumuchotsa ndekha kuti ndinyamuke. Sindinamvepo manyazi ngati amenewo.

Bupe anandiperekeza, monga amachitira ndi mlendo aliyense. Tinayenda mpaka pafupi ndi pokwerera minibasi, pamene anafunsa kuti kodi ntchitoyo ndi yotani kwenikweni. Ndinamuuza zonse, za fomu ya mafunso asanu, za malikisi, za chida chobetchera ndi kabokosi. Nditatchula kubetcha anaima.

“So mwapeza nchito ya betingi.”

“Awe, bana Taonga. Nchito yanga ni kuona ngati pepala ikamba poimilila.”

“Nanga imwe muimilila pati?”

“Ine naleka. Nizasintha, muzaona.”

Bupe anandifunsanso, kondakitala akukuwa kuti tauni, tauni.

“Iyo ‘nizasintha’ yanu, ku nchito kwanu mungaipase zingati?”

Ndinafuna kukwiya, koma yankho ndinkalidziwa. “Imozi,” ndinatero.

“Kalembeni yamene ingapase,” anatero, n'kutembenuka kubwerera kwa amayi ake.

Papita zaka ziwiri tsopano ndikugwira ntchito imeneyi, ndipo ndayeza malangizo a zida zambiri. Chimene ndinatola pa mlungu umenewo n'chakuti malangizo oopsa kwambiri ndi amene ndikuwamva mosavuta, chifukwa pamenepo ndi pamene mutu wanga umadzaza maenje mondibisira. Ndikatsegula fayilo yatsopano sindiyambira pa tsamba loyamba. Ndimayamba ndafufuza pamene akunena poimira, ndipo ndikapeza mawu okoma opanda nambala, opanda tsiku, opanda dzina la woti afunsidwe, ndimadziwa kuti palibe chimene chalembedwa. Ndipo ndimayesa katatu, ngakhale awiri oyamba atayenda bwino chotani.

Kalata ya ntchito ndinailandira patatha milungu iwiri ija. Ba Kasonde anaiwerenga mpaka pa sitampa n'kunena kuti nkhani yatsala kwa mwini wake. Bupe sanaigwire n'komwe. Iye ankadikira pepala lina lija, la malonjezo anga, ndipo analibweza kawiri. Poyamba ndinalemba kuti malipiro ambiri azipita mu foni yake, iye n'kuzunguliza mawu akuti ambiri ndi pensulo. Kachiwiri ndinalemba kuti ndikamva chilakolako chobetcha ndizimuuza.

“Nanga ngati simunamvele, mwangozipeza muli mukati?” anafunsa.

Kachitatu ndinalemba kuti malipiro onse azilowa mu foni yake tsiku lomwelo, ine azindipatsa ya minibasi Lolemba lililonse. Loweruka masana, nthawi ya mpira, ndizikhala pamene iye ali. Ndikaponda pakhomo pa shopu yobetchera ngakhale kamodzi, kaya ndabetcha kaya ayi, ndimuuze dzuwa lisanalowe, ndipo akamva kwa wina iye ndi mwana abwerere ku Matero popanda kukhalanso pansi ndi ba Kasonde. Mzere womalizawo dzanja linkakana kulemba.

Anawerenga ataimirira pakhonde pa amayi ake, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, ine ndili chiimire pabwalo ngati mwana wa sukulu. Atafika pansi anabwereranso pamwamba. Kenako analipinda kanayi, n'kuliika m'kachikwama kake, n'kuitana Taonga kuti akavale nsapato.